Kodi VX ya abwana ndi ndalama zingati? Ziyamba zatengera kuti wagula ndani

Ndiloleni nane ndiyikepo mlomo pa nkhani ya magalimoto a akuluakulu aboma. Ine si wa masamu, ndine namwino chabe kuno ku Murdoch, ku Perth. Koma achimwene anga ku Lilongwe anditumizira chithunzi cha Land Cruiser yatsopano ndili pa naiti, ati "kwanuko imeneyi ndi zingati? Tikufuna tidziwe atibera zingati." Ndinayamba kuwerengetsa pa nthawi ya tiyi, ndipo yankho lomwe ndinapeza silinawasangalatse.

Chomwe ambiri timachita ndi ichi: tipeza mtengo pa intaneti, tichulukitsa ndi reti ya kwacha, basi tayamba kukuwa. Masamu amenewo ndi abodza, ndipo amanama mbali zonse ziwiri.

Tiyambe ndi kuno. Land Cruiser 300 itatuluka mu 2021, yapamwamba kwambiri, Sahara ZX, Toyota inaiyika pa madola a Australia 138,790. Pano inakwerapo, koma tigwire nambala yomweyo. Mkati mwa mtengo umenewo muli GST ya 10 peresenti. Mulinso msonkho wina wa magalimoto odula, Luxury Car Tax, womwe unayamba mu 2000 ndipo mu 2008 anaukweza kufika 33 peresenti. Umadulidwa pa gawo lokhalo la mtengo lomwe lapitirira malire, ndipo chaka chimenecho malire anali 69,152. Mukawerenga bwino, misonkho iwiriyi ikukwana pafupifupi 27,000. Galimoto payokha ikutsala pa 111,000 ndi kanthu. Ndiye amene watenga mtengo wa ku Perth n'kupita nawo ku Kanengo wanyamula ndi msonkho wa boma la Australia womwe, umene m'Malawi sangalipire. Wina atenga wa ku Dubai, wina wa ku Johannesburg, aliyense ndi nambala yake, kenako tiyamba kutchulana mayina a zipani.

Pongodutsa, msonkho wa magalimoto odulawu anthu kuno amaudandaula kwambiri, chifukwa mafakitale a Holden ndi Toyota omwe ankati ukuteteza anatseka mu 2017. Koma udakalipo, ndipo dokotala wa opaleshoni akafuna galimoto yotere amaulipira ngati wina aliyense. Gwirani mfundo imeneyo, tibwereranso.

Tsopano tiyikweze sitima. Tingoyerekeza kuti galimoto, ulendo wa panyanja mpaka Dar es Salaam kapena Durban, inshuwalansi ndi kuifikitsa pa Songwe kapena pa Mwanza zonse zakwana madola a America 80,000. Apa ndi pomwe a MRA amayambira. Ndipo misonkho yathu siyima pambalipambali, imaberekana kumsana. Duty ya 25 peresenti ikhala pa mtengo wofikira. Excise, yomwe imakwera injini ikamakula, ikhala pamwamba pa mtengo ndi duty yomwe. VAT, yomwe kwa zaka zambiri inali 16.5, ikhala pamwamba pa zonsezo. Injini ya galimoto imeneyi ndi 3.3, ili m'gulu la zazikulu. Tingoyika excise pa 50 kuti masamu aphweke: 100 isanduka 125, 125 isanduka 187.5, VAT ikalowa tafika pa 218. Galimoto imodzi mwagula, ina yonse mwapatsa boma, ndi tchenji pamwamba. Komanso poti ndi yopangidwa ku Japan, zochepetsa msonkho za SADC sizikuikhudza.

Koma chinyengo chenicheni chili pa dola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mu 2025 ku banki dola inali cha pa K1,750, pomwe pa bulaki inapitirira K4,000. Aliyense amene amatumiza ndalama kumudzi akudziwa zimenezi, tisanamizane. Ndiye madola 80,000 aja ndi makwacha angati? Kwa amene banki yamupatsa forex, ndi K140 miliyoni. Kwa amene wakaisaka kwa anyamata a pamsewu, ndi K320 miliyoni. Msonkho, powerengera reti ya ku banki, ukhala cha pa K165 miliyoni.

Onani tsono. Munthu amene ali ndi mwayi wa duty free, banki n'kumupatsanso madola, galimoto imufikira pa K140 miliyoni. Wabizinesi wa ku Mchesi amene alibe wom'dziwa, galimoto yomweyo, mtundu womwewo, imufikira pa K485 miliyoni. Kuwirikiza katatu ndi kupitirira. Ndiye achimwene akafunsa kuti "ndi zingati", ine ndiwayankhe iti?

N'chifukwa chake ndikuti tikamakuwa ndi nambala ya pa Google timawathandiza akuba. Mneneri wa boma amangoima n'kunena kuti anthuwa sadziwa za msonkho, sadziwa za mayendedwe, ndipo pamenepo amakhala akunena zoona. Nkhani imathera pompo. Chonsecho mwina galimotoyo inalowa yosalipira duty ndi tambala yomwe, madola anachokera ku banki pa reti yotsika, koma pa invoisi analemba mtengo wa munthu wa ku Mchesi uja. Kusiyana kwakeko n'kumene kumamanga nyumba ku Area 43.

Nkhani za magalimotozi si zachilendo kwathu. Mu 2000 boma la a Muluzi linagula ma Benz 39 a nduna, a Britain mpaka anakwiya. Mu 2005, chaka cha njala, kunabuka phokoso la Maybach ya a Bingu ya madola opitirira theka la miliyoni. Mu 2012 mayi Joyce Banda analengeza zogulitsa ndege ya pulezidenti ndi ma Benz 60. Zipani zitatu, nyimbo imodzi. Ndiye amene mukufuna kundiveka nsalu ya chipani, pepani, sindivala.

Ine maganizo anga ndi awiri basi. Choyamba, tisiye kulota mitengo, tifunse mapepala. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo PPDA ilipo kuti iziyang'anira zogula za boma. Funso likhale lakuti: mtengo wofikira pa boda unali madola angati, pa reti iti, duty inalipidwa kapena ayi, wogulitsa anaikapo phindu lanji. Mtolankhani akafunsa zinayi zimenezo, palibe pothawira.

Chachiwiri ndi chija ndinati tibwereranso. Aphungu athu amalowetsa magalimoto mwa duty free, chonsecho ndi iwo omwe amavomereza misonkhoyi mu bajeti. Munthu amene moto sukumuwotcha angadziwe bwanji kuti nkhuni zachuluka? Alipire nawo. Akalawa 218 uja kamodzi kokha, mudzaona momwe adzakambire nkhani ya msonkho ku Nyumba ya Malamulo.

Ndisanabwere kuno ndinagwirapo pa chipatala china chaching'ono chakumudzi. Ambulansi yathu inalinso Land Cruiser, ija yabokosi yoyera. Usiku wina mayi anataya magazi atachira, tinaimba foni ku boma, anatiyankha kuti galimoto ilipo koma dizilo palibe. Abale ake anasonkherana ya matola. Mayiyo anapulumuka, koma ine ndinagwira diripi m'mwamba pa bodi ya pikapu mpaka mkono unachita dzanzi.

Achimwene ndawatumizira nambala zonse ziwiri, 140 ndi 485. Ayankha kuti ndayamba kuikira kumbuyo boma. Mwati bwanji anzanga a ku UK, kwanuko masamuwa akutuluka bwanji?