Kanema wa M'nyumba za Alendo pa Muloza: Tiyambe Tafunsa za Magetsi

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kudzera pa boma la Mulanje mpaka kukafika pa chipata cha Muloza akudziŵa kuti malo ameneŵa sagona msanga. Pali madalaivala a magalimoto akuluakulu amene amadikira mapepala a katundu wawo, pali amalonda a chimanga, nyemba ndi nandolo ochokera tsidya la Milange, pali ogwira ntchito m'minda ya tiyi, ndiponso apaulendo oloŵera ku Mocuba ndi ku Quelimane. Onseŵa amafuna pogona, podyera ndi pocheza, ndipo masiku ano mlendo akatha kufunsa za madzi osamba, funso lake lotsatira limakhala lakuti, "Kodi kanema alipo?"

Ena mwa aŵerengi athu angadabwe kuti nkhani yotere ikuŵakhudza bwanji. Ikuŵakhudza chifukwa si zachilendo kuona mphunzitsi amene wapuma pa ntchito akuika ndalama zake za penshoni m'kanyumba kogona alendo, ndipo amene amalembedwa ntchito yoyang'anira malowo kaŵirikaŵiri amakhala mnyamata kapena mtsikana wongotsiriza kumene Folomu 4. Ndalama za penshoni sizibwera kaŵiri. Zikathera pa katundu wosayenera, mwini wake amalira, ndipo wachinyamata uja ntchito imamuthera.

Tisaiŵale kuti dziko lathu lidachedwa kukhala ndi nyumba yakeyake ya kanema. MBC idayamba kuulutsa mawu mu 1964, koma Television Malaŵi idatsegulidwa mu Epulo 1999. Motero luso losankha ndi kusamala zipangizozi n'latsopano pakati pathu, ndipo ambiri timangokhulupirira zimene wogulitsa wanena.

Nanga ogulitsawo amanena zotani? Makampani monga Samsung ndi LG amapanga kanema wa mitundu itatu. Pali wa pakhomo, amene tonse timamudziŵa. Pali wa m'zipinda za hotela, amene mwini malo angathe kumukhoma kuti mlendo asakweze mawu kupyola muyeso kapena kusokoneza matchanelo, ndiponso amene makonzedwe ake angathe kukopedwa pa fulashi n'kuikidwa pa makanema ena onse m'mphindi zoŵerengeka. Ndiye pali wa malonda weniweni, wopangidwa kuti aziyaka maola 16 kapena 24 tsiku lililonse osatentha mopitirira. Kusiyana kumeneku si bodza. Kanema wa pakhomo woyaka maola 5 pa tsiku amagwira ntchito maola 1,825 pa chaka, pamene wa m'chipinda chodyera, woyatsidwa 7 koloko m'maŵa n'kuzimitsidwa 11 koloko usiku, amagwira maola 5,840. Komanso chikalata cha waranti cha kanema wa pakhomo nthaŵi zambiri chimanena poyera kuti sichigwira ntchito ngati katunduyo waikidwa pa malo a malonda.

Malangizo ameneŵa ndi abwino, koma adalembedwa ndi anthu okhala m'maiko amene magetsi sazima. Kanema wokhoza kuyaka maola 24 alibe phindu pamene magetsi akuyaka maola 10. Ife tikuti munthu wa pa Muloza atembenuze mndandanda wa mafunso: ayambe ndi magetsi, atsatize zimene kanemayo azionetsa, kenaka amene adzamukonze akadzafa, ndipo kukula ndi kukongola kwa galasi kubwere pomalizira.

Umboni wake sitichita kuufuna kutali. Pa 25 Januwale 2022 timu yathu ya Flames idakumana ndi Morocco ku Cameroon, itafika koyamba m'ndime yachiŵiri ya mpikisano wa AFCON. Gabadinho Mhango adamwetsa chigoli cha patali chimene dziko lonse lapansi lidachikamba, ngakhale kuti pamapeto tidagonja 2 kwa 1. Linali tsiku limene nyumba iliyonse yokhala ndi kanema ikadadzaza mpaka pakhonde. Koma dzulo lake namondwe Ana adali atagwa m'chigawo cha kumwera, ndipo mbali yaikulu ya dziko idali mumdima. Madzi adaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo makina akumeneko sadabwerere mpaka 2023. Usiku umenewo amene adali ndi kanema wamng'ono ndi kajenereta kapena batire ndiye adapha makwacha, pamene mwini kanema wamkulu wopanda chomuyatsira adangokhala chopenya khoma. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adakantha boma la Mulanje koposa, n'kugwetsa mapolo ndi kudula misewu.

Tsono tiyeni tichite masamu amene mwana wa Sitandade 8 angathe. Kanema wa mainchesi 32 amadya mawati pafupifupi 40 kapena 50, pamene wa mainchesi 55 amatha kufika mawati 100 ngakhale kuposerapo. Nambala yeniyeni imalembedwa pa kapepala komatidwa kumbuyo kwake, ndipo wogula aŵerenge yekha. Nyumba ya zipinda 10 ikaika ang'onoang'ono ikufuna mawati osapitirira 500, mphamvu imene sola ndi mabatire apakatikati angathe kupereka. Ikaika akuluakulu ikufuna kuŵirikiza kaŵiri, tisanaŵerengere mababu ndi firiji. Pa kapepala komweko pamalembedwanso mlingo wa magetsi umene kanemayo angapirire. Wolembedwa 100 mpaka 240 V amapirira magetsi ofooka kuposa wolembedwa 220 mpaka 240 V yokha.

Chimene chimapha makanema ambiri si kuzima kwa magetsi koma kubwera kwake, pakuti nthaŵi zina amabwera ndi mphamvu yoposa muyeso. Kachipangizo kamene m'masitolo amakatcha TV guard kamachedwetsa magetsi kwa kanthaŵi kuti ayambe akhazikika, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa kanema. Mphenzi nayo, imene simasoŵa m'munsi mwa phiri nyengo ya dzinja, imatha kuloŵera pa waya wa mlongoti kapena wa dishi, kotero kuti kuzimitsa pa khoma kokha sikokwanira, wayayo azulidwe. Ndiye pali chinyontho. Mbali ino ya phiri imalandira mvula yambiri, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimakuta dera lonse. Kanema wopachikidwa pakhonde kapena pafupi ndi khitchini, pamene nthunzi ndi utsi wa mafuta zimafika, sakhalitsa ngakhale akhale wa dzina lotchuka.

Funso lachiŵiri ndi la zimene alendo aziona. Maiko a SADC adagwirizana mu 2010 kutsata njira ya dijito yotchedwa DVB-T2, ndipo kwathu kuno ntchitoyi idapatsidwa kwa Malawi Digital Broadcast Network Limited, eni ake a dikoda ya Kiliye Kiliye. Mafunde a kanema wa pamtunda amayenda molunjika ndipo phiri limaŵatchinga. La Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, si chulu ayi. N'chifukwa chake nzeru ndi kubwereka dikoda kwa mnansi n'kuyesa pa malo penipenipo musanalipire. Dishi ya setilaiti siopa phiri, koma mvula yamphamvu imadula chithunzi chake. Ilinso ndi vuto lina limene tidaliona mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malaŵi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi bungwe la MACRA, ndipo idabwerera mu Disembala chaka chomwecho bwalo la milandu litagamula. Kwa miyezi imeneyo malo amene adadalira khomo limodzi lokha adaona makasitomala a mpira akusamuka. Motero kanema wa malo a alendo akhale ndi mabowo a HDMI aŵiri kapena atatu, kuti dikoda ina ikaleka ina iloŵe m'malo. Pa Muloza izi n'zofunika koposa, chifukwa theka la chipinda lingafune nkhani za m'Chicheŵa pamene theka lina likufuna za m'Chipwitikizi za pa TVM.

Apa tikumbutseko za lamulo, ngakhale ambiri salikonda. Malipiro a dikoda ya pakhomo sapereka chilolezo choonetsa kanema ku gulu pofuna phindu. Pali malipiro ena a malo a malonda. Bungwe la COSOMA nalonso limatolera ndalama za oyimba ndi olemba ku malo amene amaseŵera nyimbo ndi kanema poyera. Ndalama zimenezi ziŵerengeredwe musanatsegule, osati pamene kalata yafika.

Funso lachitatu ndilo limavuta anthu a m'malire. Tsidya lina la mtsinje kumapezeka katundu amene mtengo wake umakopa, makamaka chiyambire pamene kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sitikunena kuti katundu wa ku Milange ndi woipa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kanema woloŵa m'njira zachidule alibe pepala la msonkho la MRA, alibe risiti imene sitolo ya ku Limbe ingavomere, ndipo pulagi yake ya mano ozungulira imakakamizidwa m'soketi yathu ya mano atatu mpaka kuyamba kuthetheka. Kanema wa malonda weniweni nayenso ali ndi msampha wake. Ndi wokwera mtengo kwambiri, ndipo akafa zipangizo zake sizipezeka pa Limbuli. Mwina ngakhale ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, amachita kuitanitsa kunja. Maganizo athu ndi akuti m'zipinda zogona, mmene kanema amayaka maola oŵerengeka madzulo, muikidwe ang'onoang'ono a mtundu umodzi, kuti rimoti imodzi izigwira ponse ndipo wakufa azipereka zipangizo kwa anzake. Ndalama zenizeni zipite pa kanema mmodzi wa m'chipinda chochezera, amene amagwira ntchito ya maola 5,840 ija, pamodzi ndi batire lake.

Za zikwangwani za kanema, zimene tsopano tikuziona m'mabanki ndi m'masitolo akuluakulu a m'mizinda, tinene mwachidule. Chikwangwani chotere chili ndi ntchito pokhapokha ngati uthenga wake umasintha: mitengo ya chakudya, zipinda zimene zatsala, nthaŵi yonyamukira basi, kapena chenjezo la kolera ndi la kusefukira kwa madzi m'zinenero ziŵiri. Dzina la nyumba ndi mawu akuti "Takulandirani" sizisintha, ndipo mmisiri wa penti angazilembe pa bolodi limene silidya magetsi ngakhale wati imodzi. Amene akufunadi cha kanema adziŵe kuti wa pakhomo amaŵala manits 250 mpaka 350, kuŵala kumene dzuŵa la masana limakumeza. Woyang'ana kunja pawindo amafuna manits 2,000 kapena kuposa. M'kati mwa chipinda, kutali ndi dzuŵa, kanema wamba woŵerenga zithunzi pa fulashi amakwanira, malinga zithunzizo zizisinthana, chifukwa chithunzi chimodzi chikakhalitsa chimatha kusiya mthunzi pa galasi.

Zonsezi zimafuna manja: womanga dishi, woyala mawaya a sola, wokonza zithunzi za mitengo pa kompyuta, ndi wotsegula kanema wakufa n'kupeza kuti chapsa ndi kabolodi ka magetsi kokha. Maphunziro a zamagetsi amapezeka m'makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa ndondomeko ya TEVETA, yokhazikitsidwa mu 1999. Inu aphunzitsi a masamu ndi sayansi a m'sukulu za m'dera la Muloza, mukamaphunzitsa za mawati ndi mavoti, tumani ana akakope manambala a kumbuyo kwa kanema wa pa golosale yapafupi, abwere nawo m'kalasi, muŵerengere limodzi kukula kwa batire limene lingamuyatse kwa mphindi 90 za mpira.