Nsato ili ndi maina ambiri, mudzilole kuwadziwa

Ana anga a ku Kasungu, safunsa anadya phula. Ambiri a inu mukaona nsato yadzipinda m'mphepete mwa munda wa fodya mumathamangira khasu ndi chikwanje, osayamba mwafunsa kuti njoka imeneyi makolo ankaitchula bwanji ndipo ankaipatsa ulemu wanji.

Dzina lakuti nsato silinayambire kuno. Aswahili amati chatu, Ashona amati shato, Abemba amati ulusato. Kufanana kumeneku kukusonyeza kuti makolo a mitundu yonseyi anayenda nalo dzinali kuchokera kutali, asanabalalike n'kumanga midzi yawoyawo. Ndi limodzi mwa mawu akale kwambiri amene tili nawo m'kamwa.

Koma kwa Achewa njokayi inali ndi dzina lina lolemera kuposa limeneli. Ku kachisi wa ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, ankanena za Thunga, njoka yobweretsa mvula ya Chisumphi, Mulungu wawo. Kumeneko kunkakhala Makewana, mayi wa ana onse, amene sankakwatiwa ndi munthu wamba ndipo sankameta tsitsi poopa kuti mvula ingaleke. Mwamuna wa mfunda wa Mbewe, wa udindo wa Kamundi, ndiye ankaimira njokayo pa miyambo ya Makewana. Kumwera nako, ku Khulubvi m'boma la Nsanje, Amang'anja amati Mbona, mzimu wawo wa mvula, amayendera mkazi wake Salima ali m'maonekedwe a nsato. N'chifukwa chake akulu ankaletsa kupha nsato. M'maso mwawo, kupha nsato kunali kuitana chilala pamudzi.

Tsopano mverani za dzina lachizungu limene ana asukulu amalidziwa, lakuti python. Linachokera kwa Agiriki. Nthano yawo imati ku Delphi kunali chinjoka chotchedwa Python, chimene mulungu wawo Apollo anachipha, ndipo ena mwa iwo ankati dzinalo linachokera ku mawu otanthauza kuwola, poti mtembo wa chinjokacho unawolera pamalopo. Pakachisi wa ku Delphi pankakhala mkazi wolosera wotchedwa Pythia. Inu owerenga Baibulo, mtsikana uja wa ku Filipi pa Machitidwe 16, amene Paulo anamutulutsa mzimu wolosera, m'Chigiriki mzimu wakewo ukutchedwa ndi dzina lomweli la python. Ine chimandigwira mtima n'chakuti anthu otalikirana chonchi, Agiriki ndi Achewa, onse anaika njoka yaikulu pamodzi ndi mkazi wobwebweta pakachisi.

Mu 1803 katswiri wa ku France, François Daudin, anatenga dzina la m'nthanoli n'kulipereka kwa njoka zenizeni za mtundu umenewu. Nsato ya kum'mwera kwa Africa akatswiri amaitcha Python natalensis, potengera dera la Natal. Ndipo Python imene achinyamata akuphunzira pakompyuta, imene Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, sinatengere njoka ayi: anaitcha potengera sewero loseketsa la pa BBC la gulu la Monty Python. Phunzirani zimenezo ndi mtima wonse, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chimene ndikudandaula n'chakuti mwana adziwe dzina la ku Delphi koma asamvepo za Thunga wa ku Msinja.

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Nsato imene tili nayo ndi iyi yotsala m'madambo a Bua ndi Dwangwa ndi m'nkhalango ya Kasungu National Park. Mitengo tadula kumangira zigafa ndi kuwotchera fodya, madambo tawalima mpaka m'mbali mwa madzi, ndipo chaka ndi chaka timatentha tchire posaka mbewa. Mabelo a fodya akapita ku msika wa Chinkhoma timawerenga ndalama, koma palibe amene amawerenga tchire limene latha. Njoka ikasowa pokhala imabwera kukhola, ikameza nkhuku kapena kamwana ka mbuzi, ife n'kumati yatilodza.

Sindikukana kuti nsato imaopsa. Ilibe ululu, koma mano ake amang'amba, ndipo yaikulu imakulunga nyama n'kuifinya mpaka kufa. Mwana wamng'ono asapite yekha kudambo kumene yaoneka. Komabe chakudya chake chambiri ndi makoswe, ntchenzi, akalulu ndi mbalame, zomwe zina mwa izo zimatithera chimanga kumunda ndi munkhokwe. Yaikazi imafungatira mazira ake mpaka ataswa, ndipo nthawi imeneyo siithawa msanga, choncho ndi pamene anthu amaipha mosavuta pamodzi ndi mbewu yake yonse. Ena akuipheranso chikopa ndi mafuta ogulitsa kwa asing'anga.

Inu mafumu ndi eni minda, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nsato ikapezeka pafupi ndi nyumba, letsani anyamata kuigenda, chotsani ana ndi agalu, ndipo tumizani uthenga kwa alonda a zinyama a ku paki kuti adzaitenge. Makola a nkhuku ndi mbuzi muwatseke mipata ya pansi. Pogawa malo a dimba chaka chino, siyani kachigawo ka bango ndi mitengo m'mphepete mwa mtsinje kosalima.