Inu a m'tauni, njoka ya pa foni siluma

Abale anga a ku Lilongwe, a ku Blantyre ndi inu muli ku Joni, lero ndati ndikuyankheni pagulu chifukwa nkhaniyi yandikwana. Masiku ano mwayamba kutitumizira mavidiyo a azungu oyenda usiku pa galimoto m'chipululu, kusakasaka njoka kuti azijambule. Pansi pake mumalemba kuti taonani anzathu ozindikira, inu akumudzi mumangodziwa kupha basi. Wina mpaka analemba kuti ndi umbuli. Umbuli eti?

Mavidiyowo ndawaonera, bandulo yanga kuthera pomwepo. Ndipo sindinama, anthu aja ntchito yawo amaidziwa. Amadikira dzuwa lilowe, chifukwa masana m'chipululu mchenga umaotcha, njoka zimabisala. Usiku kukayamba kuzizira, msewu wa tala umakhala udakali wofunda, ndiye njoka zina zimapezeka zitagona pamenepo, zina zikuwoloka. Iwo amayendetsa galimoto pang'onopang'ono, nyale zili ngwee, akaona chinthu chotalika amaima. Ku Arizona, dziko la America, amajambula ija yokhala ndi maseche kumchira. Ku Namibia kuli kamphiri kakang'ono, kutalika kwake ngati rula ya mwana wasukulu, koyenda chammbali, komadzikwirira mumchenga n'kungosiya maso okha pamtunda. Nkokongola ndithu, sindikukana.

Koma inu mumangoona njokayo. Ine ndimaona munthu akujambulayo. Kuphazi wavala majombo ofika m'mawondo. Pachipumi tochi, m'manja ina. Ali ndi ndodo yachitsulo yokhota kumapeto. Galimoto ili pompo, mafuta ali thoo. Ndipo chachikulu nchakuti iye ndi amene wapita kukafuna njokayo. Angathe kuyenda maola atatu osaona ngakhale imodzi, akatopa amabwerera kukagona pabedi, chitseko atakhoma.

Ife sitifuna njoka, njoka ndi imene imatipeza. Imatipeza pansi pa mkukwe wa chimanga tikamakolola. Imatipeza mumulu wa nkhuni, m'khola la nkhuku, panjira ya kuchitsime mbandakucha, kuseri kwa nyumba mwana akatuluka usiku kukataya madzi. Mphiri mukuikumbukira inu? Njoka zina zikamva mapazi zimathawa, koma mphiri imangoti phee panjira, maonekedwe ake ngati masamba ouma, mpaka uiponde. Kuphazi uli ndi patapata, kapena ulibe kalikonse. Mwendo umatupa ngati mtondo, mnofu kuyamba kuwola. Nayo mamba yolavulira m'maso ija imalowa mpaka m'nyumba kutsata makoswe, n'kuluma munthu ali mtulo pamphasa. Ameneyo anaiputa chani?

Ndiye munthu walumidwa pakati pa usiku. Galimoto kulibe. Tidzutse mnyamata wa kabaza, tikambirane mtengo, mvula ikugwa, mtsinje wadzaza. Mukafika pa chipatala chaching'ono amakuuzani kuti mankhwala a njoka kuno sitisunga, pitani ku boma. Ku boma nako ndi mwayi kuwapeza. Mankhwala amenewo sapangidwa kuno kwathu. Ena amapangidwa ku Johannesburg komwe mulikoko, kuchokera ku magazi a mahatchi, ndipo ndi odula. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa ndi njoka, kupatula oduka miyendo ndi manja. Mu 2017 anaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa. Onyalanyazidwa! Dzinalo lokha likunena zonse. Amafawo ambiri ndi alimi ndi ana awo, anthu ngati ife, n'chifukwa chake nkhani yake simveka.

Musaganize kuti sitidziwa ubwino wa njoka. Amene amalira makoswe akamaboola matumba a chimanga ndi ife, ndipo tikudziwa kuti njoka imadya makoswe. Ine njoka ndikaiona kudambo kapena kuphiri ndimaipatsa njira, ipite ndi zake. Nsato sindiiputa. Koma ikalowa m'nyumba momwe adzukulu anga agona, sindifunsa dzina lake, ndipo sindidzapepesa kwa munthu. Inuyo mphemvu imodzi ikatuluka kukhitchini mumathamangira ku shopu kukagula mankhwala opopera. Lero mukutiphunzitsa chifundo?

Ndipotu ambiri a inu munakulira konkuno. Munkathawa ngakhale chingwe chakugwa panjira. Tala wa mtauni wakuiwalitsani msanga bwanji.

Tsono nanunso anzanga akumudzi musaombe m'manja msanga, ndili nanu mawu. Zomanga mwendo ndi luzi mpaka magazi kuima zija tisiye. Pa mphiri kumanga koteroko kumangothandiza kuti mwendo uwole msanga. Zotema mphini pabala, zoyamwa ndi pakamwa, zoyamba kaye kwa asing'anga mpaka kutacha, zonsezo zimangodya nthawi. Wolumidwayo asathamange, mumunyamule, mwendo usagwedezeke. Mphete ndi zibangili muvule kusanatupe. Yalavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri, osatikita. Ndipo osathamangitsa njoka mumdima ati tikaionetse kwa adokotala, mungalumidwe awiri. Apa pokha ndi pamene azungu a m'chipululu aja ndikugwirizana nawo: ngati ikuoneka ndipo muli patali, jambulani ndi foni, chithunzicho chikathandize kuchipatala. Ngati yapita, isiyeni, thamangani ndi munthu. Neti ya udzudzu ija tileke kutchingira dimba, tigonemo n'kuipisa bwino pansi pa mphasa. Udzu wa pakhomo tilambule, nkhuni ziunjikidwe patali ndi nyumba.

Ndibwerere kwa inu a m'tauni. Ngati njoka mumazikondadi, njira yozipulumutsira ilipo. Munthu wovala majombo, tochi ili m'manja, amaiona njoka patali n'kuilambalala. Wopanda nsapato mumdima amamenya chilichonse chokwawa, chifukwa alibe mpata woganiza. Inu ndi amene mumakumana ndi aphungu m'maukwati ndi m'matchalitchi akuluakulu. Afunseni kuti mankhwala a njoka ali m'zipatala zingati za m'dera lawo. Funsani kawiri, katatu, ngati momwe mumafunsira za mafuta a galimoto akasowa.

Mvula yayandikira, ndipo nthawi yopalira ndi pamene timakumana nazo kwambiri. Amene mukubwera pa Khirisimasi, vidiyo ina musatitumizire, taonera zakwana. M'chikwama muikemo tochi yotchaja ndi dzuwa ndi majombo. Azimayi ambiri kuno amavala nambala 6, ife abambo 8 kapena 9.