Mabanki akulengeza phindu la mabiliyoni: ngongole zosabwezedwa zalembedwa pati?

Chaka chilichonse, mabanki akatulutsa malipoti awo m'nyuzipepala, pa Facebook pamatentha. Ena kutukwana, ena kufunsa kuti phindu lonseli likuchokera kuti pomwe ife ku Chiradzulu kuno ngongole ya mabanki timangoimva. Koma pali funso lina lomwe sitifunsa: kodi manambalawo ndi oona bwanji?

Aliyense amene adakhalapo mu banki m'khonde, kaya ku Njuli kaya ku Mbulumbuzi, nkhaniyi akuidziwa. M'buku mumalembedwa kuti gulu lili ndi ndalama zakutizakuti, koma gawo lina lili kwa munthu yemwe adalowera ku Joni osatsanzika. Tsiku logawana likafika, m'pamene mumadziwa kuti bukulo limakunamizani.

Mabanki akuluakulu nawonso zimawachitikira. Kumbukirani Malawi Savings Bank, banki yomwe idali ya boma. Pomwe inkagulitsidwa kwa FDH mu 2015, boma lidasenza ngongole zosabwezedwa za ndalama pafupifupi K6 biliyoni. Boma lake liti? Ndi misonkho yathu yomweyi, aise.

Nthawi imeneyo mabanki ankatsata lamulo la kalembedwe ka ndalama lotchedwa IAS 39. Lamuloli linkati banki ilembe kuti yaluza pokhapokha pataoneka umboni woti wokongola walephera kubweza. Ndiye ngongole yodwala inkatha kukhala m'buku ngati yamoyo mpaka itanunkha. Kuyambira pa 1 January 2018 kudabwera IFRS 9, lochokera ku bungwe la IASB ku London, lomwe akawerengetsera athu pansi pa ICAM amatsatanso. Tsopano banki ikangopereka ngongole, iyenera kuyerekeza ndalama zomwe ingadzaluze n'kuzichotseratu pa phindu. Wokongola akayamba kutsimphina, ndalama yopatulayo ikwere.

Kunena zoona, apa zinthu zidasintha. Kubisa ngongole yowola kudavutirapo, ndipo lipoti la banki ya ku Blantyre utha kuliyerekeza ndi la ku Lusaka.

Koma liwu loti "kuyerekeza" lija ndiye pagona nkhani. Amene amayerekeza ndi banki yomweyo, pounika momwe chuma chiyendere mtsogolo. M'dziko momwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, ndani angalosere molondola? Komanso mabanki athu amakongoza kwambiri boma, lomwe lamira kale m'ngongole. Banki ikasankha kuona boma ngati wokongola wosalephera, ipatula zochepa ndipo phindu lioneka lonenepa, lamulo osaphwanyidwa ngakhale pang'ono. Apa ndi pomwe a Reserve Bank of Malawi ndi owunika mabuku ayenera kuuma mutu.

Ndiye lipoti lotsatira likatuluka, musangojambula mzere wa phindu n'kuponya pa WhatsApp. Yang'ananinso mzere wa impairment, womwe umaonetsa zomwe banki yapatula pa ngongole zokayikitsa, muone ngati wakwera kapena watsika poyerekeza ndi chaka chatha. Ngati ngongole zachuluka koma mzerewo watsika, funsani patsamba lawo lomwelo.