Tileke kuseka ana polankhula Chingerezi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanuyi za khalidwe lina lomwe lakula kuno kunyanja, kuyambira ku Kande, Chintheche mpaka ku Mpamba. Khalidweli ndi loseka munthu akayesa kulankhula Chingerezi. Mwana akangosokoneza "l" ndi "r", kapena kuwonjezera "i" kumapeto kwa liwu monga lilime lathu linazolowera, anzake amafa nalo phwete, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zina woyambitsa chisekocho amakhala mphunzitsi. Mwana uja satsegulanso pakamwa mpaka teremu kutha.

Ine ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume. Ndaonapo atsikana olemba chimangirizo chabwino zedi, koma ukati imirira uyankhe, amangozyolika n'kumakanda pansi ndi chala. Pajatu sungalandire satifiketi ya MSCE utalephera Chingerezi, mafunso olowera ntchito ya unamwino kapena uphunzitsi amafunsa m'Chingerezi, ndipo malamulo a dziko lino amati wofuna uphungu azitha kulankhula ndi kuwerenga chiyankhulochi. Tikamutseka pakamwa mwana ali Sitandade 5, tikufuna adzayankhe bwanji pamaso pa mabwana?

Kodi Chingerezi "chenicheni" chomwe tikuwasekera anawa n'cha yani? Mishoni itasamuka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe mu 1881, amene ankaitsogolera anali Dr Robert Laws, mbadwa ya ku Aberdeen ku Scotland. Anthu a ku Scotland ali ndi katchulidwe kawokawo, moti ngakhale wa ku London nthawi zina amachita kutchera khutu kuti amve. Agogo athu anatenga Chingerezi chimenecho n'kuchiika pa lilime la Chitonga, ndipo sanachite nacho manyazi. Mpaka lero a m'maboma ena amatinena kuti Atongafe timakonda suti ndi Chizungu.

Taganizani za Clements Kadalie, mwana wa m'mudzi mwa Chifira pafupi ndi Bandawe pomwepa. Anaphunzira ku Livingstonia, n'kupita kukasaka ntchito kummwera, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town. Sankalankhula Chixhosa kapena Chizulu. Ankaima pamaso pa chikhamu cha anthu n'kulankhula Chingerezi chake cha kuno, otanthauzira ali pambali. Pofika 1927 bungwe lija linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, ndipo chaka chomwecho iye anapita ku Geneva ndi ku Britain kukalankhulira antchito achikuda. Akanakhala woopa kusekedwa, bwenzi lero dzina lake lili m'mabuku a mbiri? Chimodzimodzinso malemu Orton Chirwa, mwana wa boma lomwe lino, amene anakaphunzira zamalamulo ku London.

Amene sakukhulupirira apite ku Kande tsiku lomwe kwafika chigalimoto cha alendo okaona malo. Mjeremani ali ndi Chingerezi chake, Mtaliyana chake, wa ku Australia chakenso, ena chothyokathyoka kuposa cha ana athu, koma palibe amene amabisa nkhope. Anyamata ogulitsa ziboliboli, ena oti sanafike n'komwe Sitandade 8, amatsatsa malonda n'kumvana nawo bwinobwino, pamene mnyamata wa Fomu 4 wabisala kuseri kwa mtengo wa mango. Sindikuti ana asiye sukulu azikayendayenda kugombe ayi, ndipo mawu ena omwe amatola kumeneko sangatchulidwe pamaso pa apongozi. Koma kulimba mtima kwawoko n'kofunika kuti kulowe m'kalasi.

Chomwe chimandinyansa ine n'chakuti amene timawatama ndi aja olankhulira m'mphuno potsanzira mafilimu a ku America, kapena wobwera ku Joni atakhalako miyezi isanu ndi umodzi, ngakhale zimene akunena zilibe mutu.

Ndisaname, a Mkonzi, pali katchulidwe kena kofunika kukonza chifukwa kamasintha tanthauzo. Abusa mukudziwa zimene zimachitika wotsogolera mapemphero akafuna kunena "pray" n'kutulutsa "play". Mwana wotereyo muitanireni pambali, mumuonetse pomwe lilime liyenera kugunda, abwereze kangapo. Imeneyo ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo sifuna gulu la omvera.

Pempho langa likupita kwa abusa, ansembe ndi akulu a mpingo. M'matchalitchi momwe muli mapemphero a Chingerezi, musamangopatsa aphunzitsi ndi a zachipatala okhaokha kuti awerenge Mawu. Mpatseni mtsikana wa Fomu 2 ndime yake Lachitatu, akayeseze kunyumba, Lamulungu adzaime kutsogolo. Akaphunthwa pa dzina ngati Nebuchadnezzar, mpingo udekhe, pakuti ngakhale akuluakulu amaphunthwa pomwepo. Aphunzitsi aakulu nanunso bwezeretsani mitsutso ya Lachisanu masana, ndipo wolandira chilango akhale woseka mnzake. Makolo kunyumba, mwana akamayeseza pakhonde, musamufunse kuti wasanduka mzungu liti.

Mphunzitsi wopuma,
Chintheche, Nkhata Bay.