Nsomba za salimoni zichoke m'nyanja, zikaweteredwe kumtunda

Boma la Canada lidalengeza m'mwezi wa Juni 2024 kuti pofika pa 30 Juni 2029 kuweta nsomba za salimoni m'zikwere za ukonde kudzakhala koletsedwa m'nyanja ya chigawo cha British Columbia. Ofuna kupitiriza ulimiwu adauzidwa kuti aziweta nsombazo m'malo otsekedwa, monga matanki akuluakulu omangidwa kumtunda.

Salimoni ndi nsomba ya m'madzi ozizira, ya mnofu wofiirira, yogulidwa pa mtengo wokwera. Imaswedwa mumtsinje, imakakulira ku nyanja yamchere, ndipo ikakhwima imabwerera kumtsinje womwewo kudzaikira mazira. Dziko la Norway ndilo limaweta salimoni wambiri, matani oposa miliyoni imodzi pachaka. Lachiwiri ndi Chile.

Nanga zikwerezi zalakwanji? Ukonde umatsekera nsomba, koma sutsekera madzi. Nsomba zikathithikana m'chikwere chimodzi, nsabwe za m'nyanja zimaswana msanga. Nsabwezi zimadya khungu la nsomba, ndipo zimagweranso ana a salimoni wosawetedwa akamadutsa pafupi. Matenda amayendanso njira yomweyo. Ndowe ndi zakudya zotsala zimaunjikana pansi pa nyanja.

Vuto lina ndi kuthawa kwa nsomba. Mu Ogasiti 2017 chikwere chidaphwasuka ku Cypress Island, m'chigawo cha Washington ku America, ndipo nsomba pafupifupi 250,000 zidathawa. Zidali za mtundu wa ku nyanja ya Atlantic, wachilendo m'madzi a Pacific. Chaka chotsatira, 2018, chigawocho chidakhazikitsa lamulo lothetsa kuweta mtundu umenewu m'zikwere.

M'matanki a kumtunda zambiri mwa izi zimatha. Nsabwe sizilowa, nsomba zilibe kothawira, ndipo madzi amasefedwa ndi kugwiritsidwanso ntchito. Koma zimene nyanja imapereka mwaulere, kumtunda zimagulidwa. Pamafunika magetsi usana ndi usiku opopera madzi, kuwaziziritsa ndi kuthiramo mpweya. Makina akaima, nsomba za thanki lonse zingathe kufa tsiku lomwelo. Kampani ya Atlantic Sapphire, imene idamanga matanki aakulu pafupi ndi Miami, idataya nsomba zambirimbiri mu 2020 ndi 2021, ndipo malo ake a ku Denmark adapsa ndi moto mu Seputembala 2021.

Nkhani yaikulu kwa anthu wamba ndi ya ntchito. Chikwere chimakhala kumene kuli nyanja, pafupi ndi midzi ya asodzi. Thanki lingamangidwe paliponse pamene pali magetsi ndi msika, ngakhale pambali pa mzinda waukulu. Choncho ulimi ukasamuka, palibe chokakamiza kampani kumanga m'midzi imene ikutaya ntchito.

Ndi chifukwa chake mafuko a eni nthaka a ku British Columbia sagwirizana. Ena, monga a ku Broughton Archipelago, adachita zionetsero pa zikwere mu 2017, ndipo mu 2018 padakhala mgwirizano woyamba kuzitseka. Kwa iwo salimoni wa m'mitsinje ndi chakudya komanso mwambo wa makolo. Mafuko ena adachita mapangano ndi makampani, ndipo akuopa kuti achinyamata awo adzasowa pogwira.

Salimoni sangakhale m'madzi ofunda a Zambezi, koma ku Cahora Bassa nakonso nsomba za mtundu wa chambo zimawetedwa m'zikwere. Mafunso ake ndi omwewo: chikwere chiikidwe pati, zonyansa zipite kuti, ndipo msodzi wa bwato apindula chiyani. Ku Canada adachedwa kuyankha, mpaka ulimi udakula, ndipo tsopano yankho lililonse lili ndi womupweteka. Kumene zikwere zikadali zochepa, nthawi yokambirana ndi mafumu ndi asodzi ikadalipo.