Testosterone: Chikwapu kwa Barbra, Chishango kwa Abambo

Kuno ku Bulangililo, mtsikana akawombera mpira mwamphamvu, sipalephera kupezeka bambo wonena kuti, "Ameneyu si mkazi." Bambo yemweyo akamenya mkazi wake pochokera kumowa, achibale amati, "Mwamuna ndi choncho, magazi ake ngotentha." Konseku tikunamizira chinthu chimodzi: homoni ya testosterone.

Sindikukana kuti ili ndi mphamvu. Mnyamata akamatha msinkhu, ndiyo imachititsa kuti mawu akhale a besi, ndevu zimere, minofu ndi mafupa zilimbe. Amuna ali nayo yochuluka kuposa akazi kakhumi kapena kupitirira, n'chifukwa chake sitipikisanitsa amuna ndi akazi pa liwiro. Koma mkazi aliyense ali nayo, ndipo ena amabadwa ndi yambiri, osamwa mankhwala alionse.

Taonani zimene zinagwera Barbra Banda. Mu 2021 anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewero awiri otsatizana pa Olympics ku Tokyo, tonse tinavina. Mu July 2022 sanaloledwe kusewera mpikisano wa akazi wa mu Africa ku Morocco chifukwa cha zoyezayeza za thupi lake. A bungwe lathu la mpira la FAZ ankati lamulo ndi la bungwe la mu Africa la CAF, a CAF ankati sanaletse munthu, koma amene anakhala pansi ndi kaputeni wathu. Chaka chotsatira FIFA inamulola ku World Cup, nagoletsa posewera ndi Costa Rica. Thupi lomwelo, Barbra yemweyo! Mu 2024, BBC itamupatsa mphoto, anthu akunja anadzutsanso chipongwe chija pa intaneti, ngati kuti kudziwa poima mpira usanafike kumachokera m'magazi.

Pa khalidwe ndiye bodza lakula. Ofufuza apeza kuti homoniyi imakwera munthu akamapikisana, ndipo imakolezera mtima wofuna ulemu pagulu. Siimuuza njira yopezera ulemuwo. Njirayo timamuonetsa ndife. Pitani ku Wusakile tsiku lokumana Nkana ndi Power Dynamos. Amuna adzaza bwalo, onse a ndevu, onse okwiya ndi oyimbira, koma otola miyala ndi ochepa, ndipo wapolisi akayang'ana kumeneko miyala imagwa pansi. Woopa wapolisi angathenso kubweza dzanja kunyumba. Lamulo la 2011 lothana ndi nkhanza za m'banja silinena kuti wa magazi otentha akhululukidwe, ndipo ku Victim Support Unit safunsa za homoni.

Kubwerera ku mpira: Racheal Kundananji anadzera ku Indeni Roses ya ku Ndola, ndipo mu February 2024 Bay FC inamugula pa mtengo umene unali usanaperekedwepo pa wosewera wamkazi. Atsikana a ku Kwacha ndi Chimwemwe akumuona. Asanafike pamene iye wafika, FAZ igwirizane ndi CAF za malamulo timu isanakwere ndege, ndipo zotsatira za magazi zikhale pakati pa wosewera ndi dokotala wake, osati pa wailesi.